Amene Analemba za Mulanje, ndi Amene Akuwerengedwa

Munthu akakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula n'kufika m'chidikha cha Chambe, amapeza kanyumba kogona alendo kotchedwa France's Cottage. Dzinalo ndi la Fred France, mzungu wachinyamata woyang'anira nkhalango, amene ankakhala m'phirimo ndi mkazi wake ndi khanda lawo. Mu 1949 France anaperekeza mlendo wina, Laurens van der Post, yemwe anatumidwa kuchokera ku London kudzaona ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angapindulitse pa ulimi ndi ziweto. Chiperoni chinawapeza ali pamwamba, mitsinje inasefukira, ndipo France anakokoloka ndi madzi powoloka kumtunda kwa Ruo. Van der Post atabwerera analemba buku la Venture to the Interior, lomwe linatuluka ku London mu 1952. M'bukumo malemuyo anapatsidwa dzina lakuti Vance.

Bukuli linayenda malonda kwambiri, ndipo kampani ya Penguin inalisindikiza mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. Mpaka lero alendo ena amafika pa Chitakale atadziwa kale za Chambe ndi Ruo kuchokera m'masamba ake. Linagulitsidwa ngati nkhani yoona ya paulendo, koma mu 2001 mtolankhani J.D.F. Jones anatulutsa mbiri ya moyo wa mlembiyu n'kuonetsa kuti anali munthu wokonda kuthira mchere nkhani zake. Phiri lomwe iye analijambula ngati malo osadziwika linali kale ndi njira zake, nyumba zogonamo, ndi anthu ocheka matabwa a mkungudza omwe ankatsika nawo pamutu tsiku ndi tsiku. Amtengatenga amene anamusenzera katundu amaoneka patalipatali m'nkhaniyo. Ndi buku lolembedwa mwaluso, ndipo munthu wa ku Mulanje ayenera kuliwerenga, koma aliwerenge akulitsutsa pamene likusokoneza za kwawo.

Palinso mphekesera yomwe imamveka kawirikawiri pakati pa alendo, yakuti J.R.R. Tolkien anaona phirili asanalembe The Hobbit ndi The Lord of the Rings, ndi kuti dziko la Shire la m'mabukuwo analitcha potengera mtsinje wathu. Umboni wake palibe. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein mu 1892 ndipo anachoka mu Africa ali ndi zaka zitatu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhani yopanda mutuyi imadziwika kuposa zimene ana a m'dera lomweli analemba.

Mmodzi wa anawo ndi Ken Lipenga, wobadwira ku Chiringa, ku Phalombe, pa nthawi yomwe Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje. Ambiri amamudziwa ngati mkonzi wa nyuzipepala, phungu ndi nduna ya boma, koma mu 1981 kampani ya Popular Publications ku Limbe inatulutsa buku lake la nkhani zazifupi, Waiting for a Turn. Nkhani yomwe inapatsa bukulo dzina imachitikira pa Sapitwa penipeni, nsonga ya mamita 3,002. Anthu a mitundu yonse, olemera ndi osauka, otopa ndi moyo, afola mzere wautali kudikira nthawi yawo yodziponya kuphompho, ndipo ali pamzerepo amauzana zimene zawafikitsa pamenepo. Wowerenga wa chaka chimenecho, amene ankadziwa mizere ya kugula khadi la chipani ndi kuopa kuyankhula, sankafunika womumasulira. Wowerenga wa lero amapezamo zina: ulova, ngongole, ndi imfa zodzipha zomwe apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka. Nkhani ikamatha kuyankhula ndi mibadwo iwiri chonchi ndiye kuti yakhwima.

Winanso ndi Edison Mpina, mwana wa ku Mulanje amene anatsekeredwapo m'ndende nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1981 ndakatulo yake yonena za moto wolusa womwe umayaka m'phirili m'chilimwe inapambana mpikisano wa wailesi ya BBC wa Africa yense, ndipo buku la ndakatulo zosankhidwa pa mpikisanowo, lomwe Heinemann inatulutsa mu 1983, linatenga dzina lakuti Summer Fires kuchokera kwa iye. Analembanso nthano yaitali, The Low Road to Death. Koma mphunzitsi wa ku Chisitu kapena ku Limbuli amene angafune kuwerengera ana ake Lipenga kapena Mpina lero angavutike kupeza ngakhale kope limodzi logula, pamene Van der Post amapezeka mosavuta pa intaneti. Pamenepa m'pamene pagona nkhani. Buku silisanduka lotchuka la mibadwomibadwo chifukwa cha ubwino wake wokha. Pamafunika wina wolisindikizanso likatha, ndipo pamafunika anthu omakhala pansi n'kumalikambirana.

Kukambirana koteroko kuli ndi mbiri yake m'Malawi. Mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ophunzira ndi aphunzitsi ochepa anayambitsa gulu la Writers Group, lomwe linasamukira ku Zomba pamodzi ndi kolejiyo mu 1973. Ankakumana sabata ndi sabata madzulo. Mlembi ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake itachulukitsidwa pamakina, n'kuiwerenga mokweza, kenako anzake n'kuisenda popanda kunyengerera. Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Anthony Nazombe ndi Lipenga yemwe anadutsa m'manja mwa gululi. Inali nthawi yoopsa. Lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku, ndipo Animal Farm ya George Orwell ndi No Bride Price ya David Rubadiri anali m'gulu la oletsedwawo. Aliyense ankadziwa kuti pamsonkhano pakhoza kukhala khutu la boma. N'chifukwa chake olemba a m'badwo umenewo anaphunzira kubisa mawu m'nthano za makolo, m'zinyama ndi m'mapiri, ndipo owerenga nawo anaphunzira kufukula. Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kutuluka mu 1991.

Mwana wa sekondale ku Mulanje lero amakumana ndi mabuku otchuka kudzera pakhomo limodzi lalikulu, lomwe ndi mayeso a MSCE. Pa Chichewa, limodzi mwa mabuku amene akhala akuwerengedwa ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Ntara analilemba polowa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, anapambana, ndipo bukulo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Nkhaniyo imatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda: mwana wosamva, mnyamata wakuba, wapaulendo wokafuna ntchito kutali, kenako Mkhristu ndi mfumu ya mudzi.

Pali zambiri zoti anthu a kuno angatsutsane pa Nthondo. Kodi kutembenuka mtima kwake n'kokhutiritsa, kapena mlembi anakufulumizitsa pofuna kukondweretsa amishoni? Kodi umphawi ndi umasiye zili ndi gawo lanji pa kuba kwake? Nanga ulendo wake wokafuna ganyu ukusiyana pati ndi wa agogo a Alhomwe ambiri, omwe anawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwa m'thangata wa m'minda ya azungu? Mafunso otere alibe yankho limodzi loti wolemba mayeso achonge, koma ndi amene amachititsa mwana kubwereranso kubuku mayeso atatha.

Pa Chingerezi pakhala pali The Pearl ya John Steinbeck, ya mu 1947, ndi sewero la Macbeth la William Shakespeare. Ena amadandaula kuti ana akupatsidwa nkhani za kutali, ndipo dandaulolo lili ndi nzeru zake. Komabe The Pearl si yachilendo kwa mwana wa mlimi wamng'ono wa tiyi. Kino, msodzi wosauka wa ku Mexico, wapeza ngale yamtengo wapatali, koma ogula onse m'tauni ndi a bwana mmodzi ndipo apangana kale mtengo. Dokotala akukana kuona mwana wake wolumidwa ndi chinkhanira chifukwa alibe ndalama. M'boma lomwe tiyi anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890, momwe mtengo wa masamba aawisi umakambidwa pakhomo lililonse, funso lakuti amaika mtengo ndani ana amalimva msanga kuposa mphunzitsi. Nazonso mfiti zitatu za Macbeth sizidabwitsa anthu amene anakula akumva za mizimu ya m'phiri, ndi za chakudya chomwe munthu amati akachipeza m'njira adye yekha osaitana mnzake. Chimene angakambirane n'chakuti kodi mfitizo zinamulodza Macbeth, kapena zinangotchula zomwe zinali kale mumtima mwake.

Vuto n'lakuti mayeso amaphunzitsa njira yachidule. Kumene makope ndi ochepa, ana amagawana limodzi kapena amangodalira manotsi: mayina a atengambali, mfundo zazikulu, malo ndi nthawi. Ambiri amakhoza bwino osawerengapo bukulo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Si ulesi wa ana. Munthu sangakonde chinthu chomwe wachigwira kwa theka la ola pa sabata.

Mabuku a Chichewa amene makolo a anawa amawakumbukira anachokera m'manyumba ochepa osindikizira. Poyamba anali amishoni: Nkhoma, Hetherwick Press ku Blantyre, Likuni, ndi Montfort ku Limbe. Mu 1948 kunabwera ofesi ya boma yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo olemba a Chinyanja a mbali zonse ziwiri za malire anapezerapo mwayi. Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe inatuluka mu 1965. Popular Publications inayamba mndandanda wa Malawian Writers Series mu 1974, kampani ya Dzuka inatsegulidwa chaka chotsatira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu ankabwerekana Njala Bwana ya Willie Zingani ndi Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba mpaka zikuto kuthothoka. Koma phindu la wosindikiza m'Malawi lakhala lili pa mabuku a sukulu nthawi zonse. Malawi Book Service, yomwe inkafikitsa mabuku m'maboma, itatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, nthano yaitali yosalowa pa silabasi inasowa njira yofikira kumudzi.

Munthu amene anaona msanga kuti kudikira makampani n'kutaya nthawi anali Aubrey Kalitera wa ku Blantyre, wobadwa mu 1948. Mabuku ake awiri oyamba, A Taste of Business la mu 1976 ndi A Prisoner's Letter la mu 1979, anasindikizidwa ku Nairobi. Kenako anatsegula kampani yakeyake, Power Pen Books, n'kuyamba kulemba, kusindikiza ndi kutsatsa yekha. Why Father Why linatuluka mu 1982, ndipo Mother Why Mother ndi Why Son Why anatsatira posakhalitsa. Anayambitsa magazini ya nkhani zazifupi yotchedwa Sweet Mag, ndipo To Ndirande Mountain with Love anaisandutsa filimu pa nthawi yomwe kupanga filimu m'Malawi kunali ngati maloto. Nkhani zake zinali za chikondi, chinyengo, abambo othawa ana awo, ndi atsikana osiyidwa ndi pathupi, m'Chingerezi chophweka chomwe kalaliki, namwino ndi mwana wa Fomu 2 ankamva. Akatswiri a ku yunivesite sankamuwerengera kwenikweni, ndipo n'zoona kuti mabuku ake anali ndi zolakwika zomwe mkonzi wabwino akanachotsa. Koma anthu ankawagula ndi ndalama zawo popanda mayeso owakakamiza, chinthu chomwe olemba ambiri olemekezeka sanachikwanitse. Ku Kenya David Maillu anachita zofananazo ndi kampani yake ya Comb Books m'zaka za m'ma 1970.

Kudzisindikizira buku si chizindikiro chakuti mlembi walephera. Jane Austen anatulutsa Sense and Sensibility mu 1811 pa mgwirizano wakuti likapanda kugulidwa, iye ndiye alipire. Marcel Proust atakanidwa ndi makampani angapo analipira yekha kuti gawo loyamba la nthano yake yaitali lituluke mu 1913. Virginia Woolf ndi mwamuna wake Leonard anagula kamakina kopukusa ndi manja mu 1917 n'kukaika m'nyumba mwawo, ndipo kameneko ndiko kanakula kukhala Hogarth Press, kampani yomwe inadzasindikiza buku la Van der Post lija. Ena mwa mabuku amene lero amaikidwa pashelefu ya otchuka anayamba ngati aja omwe wina amayenda nawo m'chikwama.

Steve Chimombo anayenda njira yomweyo ngakhale anali pulofesa. Mu 1990 anayambitsa magazini ya za luso ya WASI ku Zomba, ndipo pansi pa dzina lomwelo anasindikiza mabuku ake ambiri, kuphatikizapo The Wrath of Napolo ya mu 2000, nthano yaitali ya mtolankhani wofufuza za kumira kwa sitima yapanyanja, yotsamira pa ngozi ya sitima ya Vipya ya mu 1946. Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chimati chikasamuka nthaka n'kugumuka, Chimombo anachigwiritsa ntchito moyo wake wonse wolemba mpaka kumwalira kwake mu 2015. Kwa anthu a patsinde pa Mulanje ndi Michesi, Napolo si fanizo la m'buku. Mu Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Muloza, ku Phalombe ndi m'madera ena a kummwera. Opulumuka alipo, ndipo nkhani zawo amazifotokoza pamaliro ndi pachitsime. Amene adzazilembe ngati nthano yaitali, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, n'zokayikitsa kuti kampani yodalira silabasi idzamulandira. Mabuku a nkhani m'Chilhomwe ndi osowa kwambiri, ngakhale chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chimasonkhanitsa chikhamu cha anthu pa Chonde chaka ndi chaka. Mlembi woteroyo adzayenera kutsata mapazi a Kalitera.

Njirayo lero yafupikako. Makina osindikizira amakono amalola munthu kutulutsa makope makumi asanu kapena zana limodzi, m'malo mwa zikwi zomwe kale zinkaunjikana m'chipinda mpaka chiswe kuzipeza. Olemba ambiri amabweza ndalama zawo pa tsiku lokhazikitsa buku, pamene mlendo wolemekezeka ndi abwenzi amagula makope oyamba pa mtengo wokwera. Ena amayamba ndi nkhani zazifupi mu Malawi News, Weekend Nation kapena magazini ya Moni, n'kumalowa mipikisano ya bungwe la Malawi Writers Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995. Enanso sadikira pepala n'komwe: amatulutsa nkhani zawo gawo ndi gawo pa Facebook ndi WhatsApp, m'Chichewa cha pamsika, owerenga n'kumakalipira mtengambali woipa ndi kupempha gawo lotsatira usiku womwewo. Kumeneko n'kuwerenga ndithu, ndipo n'kukambirana buku, ngakhale ena sakuvomereza.

Chimene chimasowa m'njira imeneyi ndi diso lachiwiri. Kampani yosindikiza, ndi zofooka zake zonse, imakhala ndi mkonzi wonena kuti mutu wachitatu ndi wautali, kuti mtsikana amene anamwalira pa tsamba 40 wayankhulanso pa tsamba 90, kuti mapeto abwera mothamanga. Wodzisindikizira amadziwerengera yekha, ndipo mwambo wokhazikitsa buku ndi wa kuyamikira, osati kudzudzula. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito yomwe Writers Group inkagwira ku Zomba ndi imene ikufunika pano, ndipo ena ayiyambanso. Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, nthano ya Africa ya zaka mazana asanu zikubwerazo, anayambitsa Story Club ku Lilongwe mu 2013 kuti olemba ndi owerenga azikumana n'kumasenda nkhani pamodzi. Gulu lotere silifuna nyumba yapamwamba. Kalasi ya sukulu Loweruka masana, holo ya tchalitchi ku Mulanje Mission, kapena khonde la munthu ku Nkando n'zokwanira, bola pakhale buku limodzi loti lizungulire ndi anthu osaopa kunena kuti apa sipanamveke.

Gulu likamawerenga buku lakale ndi latsopano motsatizana, onse awiri amapindula. Wolemba wachinyamata amene waona mmene Steinbeck amamangira nkhani yonse pa chinthu chimodzi chaching'ono amabwerera kunkhani yake ya pa WhatsApp ndi mpeni wakuthwa. Naye Ntara amatsika pampando wa mayeso n'kukhala mlembi ngati wina aliyense, amene pena anakhoza pena anaphonya. Chofunika kusamala n'kugawana mabuku ojambulidwa pafoni popanda chilolezo. Kwa Steinbeck sikusintha kanthu, koma kwa munthu amene anagulitsa mbuzi kuti asindikize makope zana, fayilo imodzi yoyendayenda imatha kumuthera msika wonse. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA zilipo pa chifukwa chimenechi.

Pali chinthu china chomwe odzisindikizira ambiri amachinyalanyaza. Lamulo la dziko lino limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'Malawi liperekedwe kope ku National Archives ku Zomba, komwenso kumatengedwa nambala ya ISBN yozindikiritsa buku m'masitolo ndi m'malaibulale a dziko lonse lapansi. Buku la makope zana lopanda nambala, losaperekedwa ku Zomba kapena ku National Library Service, limatha ndi mvula ziwiri zitatu: ena anyowa, ena akulungira mandasi, ena apita ndi obwereka. Pakadzapezeka mphunzitsi wofuna kuliika pa silabasi, kapena mdzukulu wofuna kulisindikizanso zaka makumi atatu zikubwerazo, kope la ku Zomba lija ndi limene adzayambire.